Tsiku Limene Atate Anagula Hadi Draivu Yakuda

Ndikukumbukira chaka chimene Esinati anabwera kudzakhala kwathu ku Chongwe. Anali msuweni wanga, mwana wa azakhali anga, mlongo wawo wa atate, amene anamwalira ku Lusaka mvula itangoyamba. Tonse tinali mu giredi seveni, koma iye anali wa m'tauni. Ankadzola mafuta onunkhira ngati maswiti, ndipo ankadziwa kompyuta. Ine luso langa linali kupalira chimanga ndi kupirikitsa mbuzi m'dimba.

Atate ankaliza nyimbo m'maukwati. Loweruka likafika ankamanga masipika ndi jenereta pangolo, ulendo mpaka mbali za ku Kasisi. Nyimbo zawo zonse, za kwaya, za rumba, za kalindula, ndi zina zimene ankajambula okha anthu akamaimba paukwati, zinali mu laputopu yakale imene ankaifunditsa chitenje ngati khanda. Ine, mwana wawo woyamba, ankangondilola kupukuta fumbi pachivundikiro basi.

Kenaka laputopu ija inayamba kudwala. Inkatentha ngati mbaula n'kumalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Paukwati wina inazima akwati ali mkati movina, anthu n'kuyamba kuwakuwiza atate. Wokonza mafoni wa pa boma anawauza mosabisa kuti asamutse nyimbo zawo msanga, apo ayi zidzafera momwemo. Tsiku limenelo atate anakhala pakhonde osadya, dzanja lili patsaya.

"Amalume, mugule hadi draivu," anatero Esinati. "Ni kabokosi kang'ono chabe, koma nyimbo zonse zingangene."

Atate anamuyang'ana ngati munthu amene wapeza chitsime m'chilimwe. Ine anali asanandiyang'anepo choncho, ngakhale chaka chimene ndinakhala nambala wani m'kalasi.

Atanena kuti apita naye ku Lusaka kukasankha, ndinalira mpaka amayi analowererapo kuti atitenge tonse. Mu minibasi Esinati anakhala pafupi ndi atate, akukambirana zinthu zimene ine sindinkazimva. Ine kondakita anandipanikiza kumbuyo, pakati pa thumba la makala ndi mayi wina wonyamula nkhuku, imene inkandijompha chigongono njira yonse.

Mu shopu munkanunkhira mapulasitiki atsopano. Wogulitsa anatulutsa mitundu itatu n'kuiyala pagalasi. Ina inali yaikulu, yokhala ndi chingwe chakechake cha magetsi. Ina inali yakuda, yokutidwa ndi labala ngati tayala la wilibala, yonyansa ndithu. Yachitatu inali yofiira, yopyapyala, yonyezimira moti ndinadzionamo nkhope.

"Atate, iyi yofiira!" ndinafulumira, kuti Esinati asanditsogole.

"Mwana ali na maso uyu," anatero wogulitsa. "Iyi ndiye yamene bagula maningi, siichedwa kutha mu shopu."

Mtima wanga unavina. Kwa kanthawi kameneko ndinali mfumukazi ya shopu yonse. Koma Esinati anaitola yofiirayo, naitembenuza, n'kufunsa mofatsa kuti, "Nanga ikagwa pangolo?"

Wogulitsa anangoseka. Esinati anapitiriza kunena kuti yaikuluyo siingatithandize chifukwa kwathu kunalibe magetsi, pamene yakudayo imangodya moto wa laputopu ndipo labala lake lingaiteteze m'mabampu ndi m'fumbi. Anapemphanso kuti aiyese kaye tisanachoke, ndipo atate anaikamo nyimbo imodzi, inalira bwinobwino.

"Wamva, Taonga?" anatero atate akumwetulira. "Mnzako aganiza."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa mkwapulo. Pobwerera, kabokosi kakuda kaja kanali pamiyendo pa Esinati, atakagwira ndi manja awiri. Ine atate anandigulira zitumbuwa kuti andipepese. Ndinalumbira mumtima kuti sindizidya, aone kuti ndakwiya. Lumbirolo linathera m'njira, pa siteji ya Silverest, pamene fungo la mafuta linandigonjetsa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, jenereta inalira masana onse, nyimbo zikusamuka. Ine ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, nditafulatira nyumba, ndikudikira kuti wina adzandinyengerere. Palibe anabwera. Ludzu litandikola ndinalowa kukamwa madzi, ndipo ndinapeza Esinati atagwada pafupi ndi tebulo, khutu lili pa laputopu. Munkamveka mawu a mayi wina akutsogolera nyimbo ya ukwati, mawu osasa pang'ono, anzake akuvomera ndi nthungululu. Nyimboyo ikatha, Esinati ankaibwezanso poyamba.

Atate anali ataima pakhomo. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Ni amai ake. N'nawajambula pa ukwati wa ku Katete. Palibe kwina kumene mau awo ali. Esinati anapempha kuti tiyambe kusamutsa imeneyi."

Ndinaima ndi kapu m'manja, osadziwa choti ndichite nayo. Esinati anatukula mutu, maso ali ofiira.

"Iwe uli na mwayi, Taonga," anatero. "Ako ukawaitana, ayankha."

Ndinakhala pansi pambali pake, tinamvera limodzi mpaka jenereta inatha mafuta.

Ndikanakonda kunena kuti nsanje yanga inathera pomwepo, koma likanakhala bodza. M'mawa mwake amayi anasoka kathumba ka chitenje kosungiramo hadi draivu ija, atate n'kukakoleka m'khosi mwa Esinati, n'kulengeza kuti iyeyo ndiye msungi wake. Loweruka lililonse ankakwera ngolo ali ndi kathumbako pachifuwa ngati mendulo, ine ndikunyamula chigubu cha petulo. Chisoni ndinkamumvera ndithu, koma kathumbako ndinkakafunabe. Mtima wa mwana uli ndi malo okwanira zonse ziwiri.

Masiku ano zinthu zinasintha. Magetsi anafika kwathu, minda ya m'mbali mwa msewu anaigawa mapuloti, ndipo achinyamata oliza nyimbo amangofika paukwati ndi foni m'thumba. Ana anga sadziwa n'komwe kuti nyimbo ingatayike. Atate anakalamba, masipika anagulitsa. Ine ndimakhala pafupi nawo, ndine ndimawaperekeza kuchipatala ndi kuwagulira feteleza, pamene Esinati anakwatiwa kutali ku Kitwe ndipo amabwera pa Khirisimasi pokha. Koma foni yawo ikangovuta, atate amabwera kwanga, n'kukhala pampando wanga, n'kumwa tiyi wanga, kenaka n'kunena kuti, "Taonga, nibwerekeko foni yako. Nifuna nimufunse Esinati."

Ndimawapatsa. Nambala ndimawayimbira ndine.