Tsiku Limene Ndinawongola Misoko ya Esnart

Ntchito yanga yoyamba ku Canada ndinaipezera pakhomo la tchalitchi. Munali mu 1992, mwamuna wanga akuphunzira ku Hamilton, ine ndi mwana wathu Dalitso tikungokhala pawindo kuonerera chipale. Titaweruka kutchalitchiko, mayi wina wa ku Chipata, dzina lake Esnart, anagwira kolala ya diresi langa n'kuitembenuza ngati akufuna kugula. "Wasoka ndani iyi?" Nditamuuza kuti ndine, anati, "Monday ubwere. Kwathu afuna anthu osoka manje manje."

Kusoka ndinaphunzira pakhonde la sitolo ku Limbe, kwa telala wina wokalamba amene ankatimenya zala ndi rula msoko ukakhota. Choncho msoko wanga unali wowongoka, ndipo ndinkadziwa kuti ndi wowongoka. Kudzichepetsa pa nkhani imeneyi ndinalibe.

Fakitale imene Esnart ankagwirako ntchito inali kumadzulo kwa Toronto, pafupi ndi njanji, m'dera la nyumba zakale za njerwa zodetsedwa ndi utsi. Tinkasoka nsalu zam'kati mwa majekete. Wodula ankabweretsa mitolo, iwe n'kulumikiza mapewa, kenako m'mbali, kenako manja, n'kupereka kwa wa ovaloko kuti atseke m'mphepete. Makinawo sanali opalasa ndi mapazi ngati akwathu. Ukangoponda pang'ono, nsalu yathawa kale, ndipo bobini ikatha osazindikira, umasoka mzere wonse wopanda ulusi pansi. Kapitawo wathu, Mayi Rosa, Mpwitikizi wa magalasi ochindikala, ankayenda ndi kachitsulo komasulira ulusi m'thumba la epuloni. Akafika pa ine ankangogwedeza mutu n'kudutsa. Akafika pa Esnart ankatulutsa kachitsuloko. "Uwu ndi msoko kapena msewu wa kuphiri?"

Esnart anali wa manja olemera, koma wa mtima wabwino. Ndiye anandiphunzitsa kukwera sitima, kuvala masokosi awiriawiri, ndi kuyankha Mayi Rosa osakwiya. Ine ndinkamubwezera pomuwongolera misoko nthawi yopuma. Zinkandikomera kwambiri kuti ali pansi panga.

Ntchito itayamba kuchepa, eni nyumba anachotsa makina m'zipinda zam'mwamba n'kuzibwereketsa kwa anthu ojambula, osema ndi oumba. Tinkakumana nawo m'chikepe chonyamulira katundu, atavala maovolosi a penti, tsitsi lili nyankhalala. Ife tinkawaseka. Anthu akuluakulu kudzuka m'mawa kukapaka penti pansalu imene palibe adzavale!

Mmodzi wa iwo, mzungu wotchedwa Karen, anapeza Esnart nthawi ya nkhomaliro akusoka pamanja chofunda chake. Chinali cha tizidutswa totsala m'fakitale, tosakaniza ndi zitenje zakale, zolumikiza ndi ulusi wofiira wokhuthala. Misoko yake inali yokhotakhota, mfundo zili poyera. Karen anagwada pansi n'kuyamba kuchisisita. Anati ojambula onse a m'nyumbayo atsegula zitseko zawo Lamlungu lina kuti anthu adzaone ntchito zawo, ndipo akufuna chofundacho chikapachikidwe pakhoma lake.

Ndinena mosabisa, nsanje inandigwira. Ine wosoka bwino kuposa onse pamzere wathu, palibe anagwadapo pa ntchito yanga. Ndinamwetulira ndi mano okha. Masabata otsatira Esnart ankakwera m'mwamba kukamwa khofi ndi anzake atsopanowo, n'kubwerako akuseka, ine ndikudya buledi wanga ndekha pafupi ndi makina.

Loweruka lomaliza, Lamlungu lija lisanafike, tinagwira ntchito theka la tsiku. Esnart anabwera ndi chofundacho m'chikwama. "Iwe Chikondi, nifuna unithandize. Karen akamba ati kumbuyo kufunika kathumba kolowetsamo ndodo yopachikira. Iwe ndiwe wa manja abwino. Ine nithamangira ku Brampton, nizabwera mailo." Mailo kwawo ndiye mawa. Anandisiyira n'kupita.

Kathumbako ndinamaliza mosachedwa. Kenako ndinayala chofundacho patebulo la wodula n'kuyamba kuchiyang'ana. Pakati penipeni panali chigamba cha chitenje chofwifwa, ndipo pamenepo misoko inali yoipitsitsa, ina yaitali, ina yaifupi, ina yodumphira kunja kwa nsalu. Ndinadziuza kuti azungu amuseka mnzanga, ndimuthandize. Koma pansi pa mtima ndinkafuna kuti Karen aone mmene munthu wodziwa amasokera. Ndinatenga kachitsulo kaja, n'kumasula chigamba chapakati chonse ndi mizere ina isanu. Ndinadula m'mphepete ndi sizasi kuti mufanane, ndinasita, ndinasoka ndi makina, mzere uli nga. Tizidutswa ta ulusi wofiira ndinasesera m'bini.

Lamlungu nditakwera m'mwamba ndinapeza anthu ayamba kale kulowa, makapu a vinyo m'manja. Nditamupatsa chofundacho, Karen anachifunyulula n'kuyang'ana pakati pake. Kenako anafunsa kuti wachigwira ndani. Nditayankha monyadira, anangoti, "Pakatipa ndi pamene panali moyo." Sindinamve chimene ankatanthauza, ndipo ndinakwiya.

Esnart anafika akupuma mwawefuwefu, atavala chitenje chake chatsopano. Anayang'ana pakati pa chofundacho, n'kuyendetsa chala pamsoko wangawo, kuchokera uku mpaka uko.

"Ulusi uja uli kuti?"

"Ndataya. Unali wokhota, Esnart. Ndangokufiksira."

"Apa sinasoke ine. Anasoka amayi anga, maso atafa kale. Ananitumizira chigamba ichi mwezi umene anamwalira. Kumaliro sinapite." Anachipinda bwinobwino n'kuchiika m'chikwama. "Zikomo, amake Dalitso. Mwagwira ntchito yabwino."

Chidziwirane, tinkaitanana iwe ndi iwe. Tsiku limenelo ndi limene anayamba kundinena inu. Ndinatsika masitepe kuthamangira kubini, koma osesa anali atataya kale zinyalala. Ndinaima pamenepo manyazi atandigwira.

Ndinapepesa kambirimbiri, iye n'kumayankha mwaulemu kuti palibe kanthu. Tinagwira limodzi chaka china fakitale isanatsekedwe, makina athu ali moyandikana, koma misoko yake sanandipatsenso kuti ndiwongole.

Mu 1998 ndinabwererako kukangoona. Derali linali litasintha. Pamene pankaima malole panali matebulo a khofi, m'mawindo muli zithunzi, m'nyumba ina yosungira katundu akuyeserera sewero. Chikepe chija anachipaka penti yachikasu. Pansanjika yathu anagawa tizipinda, ndipo pachitseko china panali dzina la Esnart. Zofunda zake zinali pakhoma, zokhotakhota ngati kale, anthu akulankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. Nsanje ija inandilasanso, sindikana, ngakhale kuti tsopano ndinali ndi kashopu kanga kokonza zovala ku Hamilton. Ndinayang'ana makoma onse, chofunda chija panalibe.

Pa ntchito ndinatengapo lamulo limodzi, ndipo ndimaliuza aliyense amene ndamulemba: msoko umene sunasoke wekha, usaumasule usanafunse mwini wake. Kusoka kumabwerezedwa, koma dzanja limene linasoka mwina kulibenso. Lamulo lina ndi la ine ndekha. Ndikamva mtima ukundiuza kuti ndimuthandize mnzanga amene akutamandidwa, ndimayamba ndaika sizasi pansi.

Esnart anandiona ndili pakhomo. Anasiya alendo ake, anabwera, anandipatsa moni ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono.

"Muli bwanji, amake Dalitso? Lowani, khalani pampando."

Ndinakhala, ngati mlendo.