Tsiku limene ndinaledzeretsa mkulu wa mpingo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa ukwati wa msuweni wanga ku Nsaru. Wojambula amene anamuitana sanafike, njinga yake yamoto inafera panjira, ndiye ine ndinangotulutsa foni yanga ya galasi long'aluka n'kuyamba kujambula. Mawa lake ndinalumikiza tizidutswato, n'kuikamo nyimbo ya kwaya, n'kutumizira achibale. Kanemayo anayenda foni ndi foni mpaka anafika kwa mayi Nankhoma, wapampando wa kopaletivi ya alimi a mtedza yomwe imapanga chiponde pafupi ndi msika.

Anandiitanitsa Lolemba. "Chiponde chathu n'chokoma, koma tikuchidziwa tokha," anatero. "Iwe Tiyamike, ungachiyendetse ngati ukwati uja?" Ndinavomera ndisanafunse n'komwe dzina la ntchitoyo. Pakalata analemba kuti wotsatsa malonda.

Anandipatsa foni yatsopano, kachitsulo ka miyendo itatu koimikirapo foniyo, kamayikolofoni kopanira pakolala, ndi pawabanki chifukwa magetsi kwathu amabwera ngati mlendo. Ndinatsegula tsamba la kopaletivi pa masamba a mchezo, ndipo sabata iliyonse ndinkalemba m'kope zoti ndiikepo: Lolemba chithunzi, Lachitatu kanema wamfupi, masiku enawo kuyankha mafunso. Mabotolo ndinkawajambula m'mawa dzuwa lisanawawe, nditawasanja palichero, kumbuyo nditayala nsalu yoyera. Netiweki yabwino inkapezeka pachulu kuseri kwa fakitale, moti amayi osankha mtedza anachitcha ofesi yanga. Oda ikabwera, ndinkailemba, kuuza omata malebulo, kenako kupangana ndi wa galimoto yopita ku tauni.

Tsiku limene mwini golosale wa ku Namitete analemba kuti, "Ndaona patsamba lanu, nditumizireni makatoni awiri," amayi aja anaimba nthungululu mpaka anthu a pamsika anathamangira kudzaona.

Pafakitalepo panali a Mwale, okazinga mtedza. Anali bambo wa imvi, mkulu wa mpingo kwathu, wolankhula pang'onopang'ono. Ankazungulitsa mgolo wokazingira pamoto, ndipo ankadziwa kuti mtedza wapsa pongomva fungo. Lachitatu lina pa wailesi panalira nyimbo yachikale, a Mwale n'kuiwala kuti ndi mkulu wa mpingo. Dzanja limodzi pachogwirira cha mgolo, chiuno chikupita uku ndi uko, mapazi akufumbula fumbi. Ine ndinali kuseri kwa matumba, foni m'manja. Sanandione.

Ndinathamangira pachulu, n'kudula kanemayo kuti atsale masekondi makumi awiri, pansi pake n'kulemba nthabwala: "Chenjerani, chiponde chathu chimaledzeretsa!" Pofika masana foni inali yotentha ndi mauthenga. Ndinkangodumpha ndekha pachulupo.

M'mawa wa Lachinayi ndinapeza mgolo uli zii, wopanda moto. Mayi Nankhoma anali pakhomo la ofesi, osamwetulira. Anandionetsa ndemanga zomwe zinabwera ine nditaweruka. Wina analemba kuti, "Si mkulu wa mpingo wathu uyu? Wayamba liti kachasu?" Wina anayankha kuti amamudziwa kalekale. Kanemayo anali atafika kwa abusa, ndipo a Mwale ndiwo amayenera kulalikira Lamulungu likudzalo.

"Unawapempha?" anafunsa mayi Nankhoma.

"Ayi, amayi."

"Fufuta. Ukatha, upite kwawo. Akakana kubwerera kuntchito, ine ndidzasankha wokazinga, osati wojambula."

Ndinafufuta, n'kukwera kabaza. Ndinapeza a Mwale atakhala pansi pa mtengo wa mango, akazi awo aNaphiri akutongola chimanga pamphasa. Ndinagwada patali.

ANaphiri ndiwo anayamba. "Zaka zonsezi bambo awa sanalawepo ngakhale kadontho. Iwe wawaledzeretsa ndi chala chimodzi, eti?"

Ndinapepesa misozi ili chuchuchu. Ndinati ndafufuta kale, koma aNaphiri anandiuza kuti apongozi awo a ku Nambuma ali nayebe m'foni mwawo. Kenako a Mwale anati, "Kuvina ndinavinadi, mwanawe, sindikana. Miyendo ija ndi yanga. Koma mawu a pansi aja ndi ako." Anakanda kumutu. "Kodi anaonera anthu angati?"

Nditawauza kuti ambiri kuposa odzaza tchalitchi chathu pa Khirisimasi, maso awo anawala pang'ono. "Ndiye ujambulenso. Koma ulendo uno ndilankhula ndekha."

Masana omwewo anafika pafakitale atavala jekete ndi tayi, aNaphiri ali pambuyo ngati wapolisi. Ndinawapanira kamayikolofoni pakolala. Anayang'ana foni ngati akuyang'ana mpingo, nati, "Ndine Mwale uja munamuona akuvina. Mowa sindimwa. Ndinavina chifukwa mtedza unapsa bwino." Kenako anafotokoza mmene amachotsera mtedza wachuku, mmene amachepetsera moto fungo likasintha, mmene amafikisira njere m'manja kuti aone ngati khungu likusupuka. Atatha, aNaphiri analowa okha pakamera n'kunena kuti, "Ndipo kuvinako ndi kumene anandikopera." Fakitale yonse inafa ndi phwete.

Ndisanaike patsamba, ndinawaonetsa kanemayo kawiri, n'kuwawerengera mawu a pansi pake mokweza. A Mwale anandichotsetsa liwu limodzi lomwe ankati ndi lachibwana. Lachisanu abusa anatumiza uthenga wakuti nawonso aonera, ndipo akufuna botolo lalikulu. Lamulungu a Mwale analalikira, m'tchalitchi anthu mpaka kuima m'mawindo.

Ndinagwira pakopaletivipo zaka ziwiri, ndipo pano ndimatsatsa malonda a kampani ina mu tauni. Achinyamata ofuna ntchitoyi akandifunsa za foni yabwino, ndimawauza kuti foni si nkhani. Nkhope imene ukuijambula ili ndi kwawo, ili ndi apongozi, ili ndi mpingo. Mpaka lero sindidina batani lotumizira mwini nkhope asanaone kanema wake ndi kumva mawu amene ndamulembera pansi.