Mandimu a Amake Elliot

Mayi anga, a Esnat, ntchito sinkawatopetsa, chinkawatopetsa ndi anthu. Anabadwira m'minda ya tiyi ku Mulanje, makolo awo atawoloka mtsinje wa Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo anakwatiwa ndi bambo anga a Ackim, amene ankagwira ntchito ku njanji ku Limbe. Tinkakhala ku Chigumula m'nyumba ya lendi, kuseri kwake kuli kamunda ka chimanga ndi mtengo umodzi wa mandimu umene tinaupeza uli pomwepo. Loweruka lililonse mayi ankasenza mandimu ndi nkhwani kupita ku msika wa Limbe, wapansi popita, wapansi pobwera.

Anthu ankawatchula amake Elliot, ngakhale Elliotyo anali kumanda. Anali mlongo wanga wamkulu. Anamwalira ali ndi zaka zitatu, ine Mildred ndili kumsana. Anadwala chifuwa, mayi n'kupita naye ku kachipatala kena ku Limbe, anamubaya jekeseni Lachiwiri, ndipo pofika Lachinayi pakhomo pathu panali maliro. Kaya chinamupha ndi chifuwacho, kaya jekeseniyo, palibe anawauza.

Mayi sanali munthu wongomeza zinthu. Maliro atatha anabwerera ku chipatala kuja kukafunsa. Bambo wa pachitseko anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mukudwala, mayi?"

"Ayi, ndili ndi funso."

"Kuno si kwa mafunso. Patukani, alowe odwala."

Ulendo wachiwiri ananama kuti mutu ukuwawawa. Analowadi, koma dokotala wachizungu anali atalemba kale kapepala iwo asanakhale n'komwe pansi, ndipo anatuluka ndi mapiritsi anayi m'manja, funso lawo lili pakamwa. Ulendo wachitatu anapeza atatseka. Analeka kupitako, koma nkhaniyo sinawachoke. Bambo akati, "Amake Elliot, zisiyeni, Mulungu ndiye anatenga," iwo ankangoyankha kuti, "Ndamva, koma anatenga bwanji?"

Mu 1960 kunagwa nthomba. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Masiku amenewo chilichonse cha chipatala chinali m'manja mwa boma la Chitaganya, boma lija lotimangirira ku Rhodesia ife tisakufuna, choncho katemera atabwera anthu sanamuone ngati mankhwala, anamuona ngati msampha. Ku mjigo amayi ankanong'onezana kuti mwana wamkazi akatemeredwa sadzabereka, ati azungu akufuna tithe. Aliyense wonenera katemera zabwino ankatchedwa Kapirikoni, kutanthauza wogulitsa anzake kwa azungu. Mayi zandale sankazitsata kwenikweni. Iwo ankangodziwa kuti anapereka mwana mmodzi m'manja mwa achipatala ndipo sanabwerere.

Otemera anafika ku sukulu yathu ya mishoni tsiku lina m'mawa ndi galimoto, wapolisi ali pambali. Kuthawa kunalibe. Tinandandalika pamzere, munthu ankakudontheza kamankhwala pamkono wamanzere pafupi ndi phewa, n'kukanda ndi kasingano, basi wotsatira. Sanatiuze chimene chichitike, ngakhale amayi amene anathamangira kumeneko atamva, anangowauza kuti aime patali.

Mayi anandigwira dzanja n'kundikokera kunyumba ngati ndaba. Anathyola ndimu, kulidula pakati, n'kutikita pachilondapo mpaka ndinakuwa. Kenako anatsuka ndi sopo. Amayi ena anali atawauza ku msika kuti ukatero mankhwala amafa asanalowe m'magazi.

Woyamba kuona anali a Christina, anansi athu a khomo ndi khomo, amene mwana wawo Jenifer anali mnzanga wa phada. Anabwera akumukoka Jenifer.

"Amake Elliot, ine sindingathe. Ndichitireni inuyo."

Mayi anachita. Pofika masana pansi pa mtengo paja panali mzere wofanana ndi wa ku sukulu, ndipo mayi, amene sankakonda chigulu, anakhala dokotala wa mudzi wonse. Anatikita ana khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo ine. Tsiku limenelo anagona wopepukidwa, ndipo ndikunena mosabisa kuti anachita zimenezi chifukwa chotikonda.

Panapita milungu itatu. Ana amene sanatikitidwe mikono yawo inatupa, matupi n'kutentha, ndipo amayi awo ankayenda ndi nkhope zogwa pamene ife tinkajowa chingwe. Amayi a ku mjigo ankati, "Mwaona? Akanapita kwa amake Elliot." Kenako Jenifer anadwala. Anayamba ndi kutentha thupi ndi msana, ndipo patapita masiku atatu kumaso kwake kunatuluka timatuza. Aliyense wamkulu amene anasuzumira m'nyumbamo anatuluka atadziwa kuti ndi nthomba.

M'mawa mwake mayi anandiveka diresi la kutchalitchi.

"Tikupita ku Limbe."

"Anthu atinena," anatero bambo, akumanga nsapato. "Nyumba ino ndi yaudzu, amake Elliot, angatiotchere."

"Anene. Ine ndatopa n'kumva za anthu."

Tinayenda wapansi. Pachipatala paja mzere unali utazungulira mpaka ku msewu, ndipo tinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka mithunzi itatembenuka. Wa pachitseko anali yemwe uja, wangochita imvi. Atafunsa ngati tikudwala, mayi anangomudutsa. Sindinaonepo munthu wamkulu atasowa chochita ngati bambo uja.

M'katimo munali dokotala wachikuda, a Pearson Likoswe, munthu wowonda wa maso ofiira ndi tulo. Anatambasula dzanja kuti alandire khadi, koma mayi anakhala pansi n'kupinda manja.

"Adokotala, ine sindikudwala. Ndabwera kudzafunsa, ndipo sindichoka."

A Likoswe anayang'ana kuchitseko kumene anthu ankasuzumira, anapumira m'mwamba, n'kuika cholembera pansi.

"Funsani, mayi."

Mayi anafotokoza za Elliot, za Lachiwiri ndi Lachinayi, mawu amene anawasunga zaka zisanu ndi chimodzi. Sanalire.

"Chimene chinapha mwana wanu sindingakuuzeni," anatero a Likoswe. "Kunalibe ine, ndipo ndikanena kuti ndikudziwa ndiye kuti ndikukunamizani. Mwina chifuwa chinali chitafika kale patali. Mwina mankhwalawo sanamuyanje, zimachitika, ngakhale si kawirikawiri. Anayenera kukhala nanu pansi n'kukuuzani. Analakwa."

 Ine ndinkayembekeza kuti mayi akwiya, koma mapewa awo anangotsika ngati atula mtolo wa nkhuni.

"Nanga katemerayu? Akuti atsikana sadzabereka."

"Mkazi wanga anatemeredwa ali mwana, ndipo kwathu kuli ana asanu, phokoso lokhalokha. Onse asanuwo ndinawatemera ndekha ndi dzanja ili. Koma sindikunamizani kuti n'zosapweteka. Pakapita masiku atatu kapena anayi pamafiira. Kenako pamatuluka thuza, mkono umatupa, thupi limatentha, mwana amalira. Ikafika sabata thuzalo limakhala ndi mafinya. Musaliboole, musaikepo kanthu. Limauma lokha, nkhanambo imagwa, pamatsala chipsera. Mukaona zimenezo musaope, ndiye kuti wagwira. Choopsa ndi mkono wosalala."

Anandikoka n'kukweza mkono wa diresi langa. Panali posalala ngati pa mwana wobadwa dzulo.

"Uyu sanatemeredwe?"

"Anatemeredwa. Ndinatikita ndi ndimu."

A Likoswe sanakalipe. Ndikuganiza kuti mphamvu zokalipira zinali zitawathera kalekale. Anangofunsa kuti, "Yekhayu?"

"Khumi ndi mmodzi. Wina wadwala kale."

Anandikanda kachiwiri pomwepo. Kenako anauza mayi kuti abwera okha ku Chigumula mawa lake kudzaona Jenifer, ndipo ana otsalawo akawapeze pamalo amodzi, pakuti iwo sakuwadziwa, wowadziwa ndi amene anawatikita.

Pobwerera mayi sanalowe m'nyumba. Anayamba khomo ndi khomo, miyendo ili yotupa, kukauza amayi omwe aja kuti zimene anawachitira zinali zolakwika. Ena anamva. Ena anawaseka kuti amake Elliot agulidwa ndi kapu ya tiyi. Pena anawatsekera chitseko kumaso, ndipo mawu aja akuti Kapirikoni anawatsatira mpaka ku mjigo. Mawa lake a Likoswe atafika pa njinga anapeza ana asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo wa mandimu. Atatu makolo awo anawabisa. A Likoswe analowa kukamuona Jenifer, natuluka akupukuta magalasi awo a m'maso nthawi yaitali.

Masiku otsatirawo mayi ankangokhalira kuyang'ana mkono wanga. Ndinali nditasewera ndi Jenifer mpaka tsiku limene anagona, ndipo palibe ankadziwa chimene chiyambe kutuluka pa ine, thuza limodzi pamkono kapena ambirimbiri kumaso. Ankandidzutsa m'mawa, kunditengera pakhomo pamene pali kuwala, kuyang'ana, n'kundisiya. Tsiku lachitatu panalibe kanthu. Lachinayi panafiira pang'ono. Thupi langa litatentha, ndinawaona akukhalira manja awo pa mphasa, kuopa kuti angachite china.

Tsiku lachisanu ndi chitatu thuza linali litakhwima, lalikulu ngati njere ya chimanga, mkono uli ndi ululu wosaneneka. Kumaso kwanga kunalibe kanthu. Mayi anagwada n'kuika chipumi chawo pamimba panga. Asanadzuke, kuseri kwa mpanda kunamveka kulira kwa a Christina.

Pa maliro a nthomba anthu sankasonkhana. Achipatala anabwera ndi galimoto n'kumutenga Jenifer atamukulunga, ndipo pakhomopo panatsala zii. Bambo anati tisapiteko. Mayi anandiveka juzi la bambo la manja aatali, anandigwira dzanja, n'kupita kukakhala pansi pafupi ndi khonde la a Christina. Sanapepese, anangokhala, okonzeka kulandira chilichonse.

A Christina anatuluka dzuwa litapendeka, maso atatupa, chitenje chili m'khosi. Anayang'ana mayi nthawi yaitali. Kenako anandikodola. Ndinapita ndi mantha. Anapinda mkono wa juzi lija pang'onopang'ono mpaka paphewa, n'kuyang'ana thuza langa.

"Wagwira?" anafunsa.

"Wagwira," anayankha mayi.

A Christina anatsitsa mkono wa juzi lija mosamala kuti lisakhudze pachilonda.

"Musaikepo kanthu, amake Elliot," anatero, n'kubwerera m'nyumba.