Gilson ndi Misewu Yopanda Galimoto

Malofu a buledi anali mbwee pamsewu wa ku Kamwala mumzinda wa Lusaka, ena m'ngalande, ena akupondedwa ndi anthu othamangira nsalu m'mashopu. Mwini njinga, Gilson, anali atakhala pafumbi, manja ali kumutu. Palibe chimene chinamugunda. Lole inangoliza hutala kumbuyo kwake, basi.

"Wamwa uyu," anatero mayi wina. "M'mawa muno!"

Sanamwe. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, lole ina inamukankha pamsewu wopita ku Kafue n'kumuthyola mwendo pawiri. Mwendo unapola. Chimene sichinapole ndi msana wake: ukangomva injini ikubwera, manja ankafa, m'maso n'kuchita mdima. Limenelo linali tsiku lake loyamba kubwerera pantchito yoperekera buledi, ndipo linakhalanso lomaliza.

Inu amene muli ndi chinthu chimene chimakugwetsani anthu akuona, tamverani. Nkhaniyi ndinaitola kwa mwini wake m'kuyendayenda kwanga, ndipo ndaisungira inu.

Chinali chaka cha 1978. Gilson ankagona m'khitchini kwa mlongo wake Febby ku Kabwata. Mwamuna wa Febby, a Petros, mkulu wa mpingo, anapirira miyezi iwiri, kenako anayankhula Lamulungu lina asanavule n'komwe jekete.

"Mulamu, tauni si ya munthu ongonkhala. Mvula ikayamba ulibe nchito, nizakukweza basi ya ku Katete. Kuja mamotoka ni yang'ono, uzapumula."

Ku Katete Gilson analibe munda, analibe mayi, analibe bambo. Anachokako ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene anali nacho padziko ndi njinga yake yakuda yolemera, ndipo ntchito imene ankaidziwa ndi kupalasa.

Mawa lake anaikankha njingayo mpaka kukanjira ka kuseri kwa nyumba, kaja amadutsa otaya zinyalala, kopapatiza moti galimoto singalowe. Anakwera. Anapita kumapeto, anabwerera. Manja sanafe.

Tsiku lililonse ankawonjezera kachigawo. Anapeza kanjira kotulukira ku Chilenje. Anapeza kena kodutsa kuseri kwa bwalo la sukulu, kena pansi pa mawaya a magetsi, kena pakati pa mipanda ya ku Woodlands, mpaka anatulukira kutchire kumene nthaka imayamba kukwera ndi kutsika. Pofunika kuwoloka tala ankatsika, kudikira ngakhale mphindi khumi, kenako n'kunyamula njinga paphewa, liwiro. Anthu ankaseka. Iye ankalemba njira zonsezo papepala la thumba la simenti.

Pepalalo linatsala pang'ono kumuphetsa. Chaka chimenecho ndege zankhondo za ku Rhodesia zinali pakamwa pa aliyense, ndipo munthu wojambula misewu sankamuona bwino. Mlonda wina ku Kabulonga anamugwira pakolala.

"Ulemba chani? Ni ndani anakutuma?"

Anthu anasonkhana msanga, wina atatola kale mwala. Febby, amene ankachapa panyumba ina mumsewu womwewo, anatuluka thovu lili m'manja.

"Musiyeni! Ni mubale wanga uyu. Si kazitape, ni wamantha chabe! Ayopa mamotoka!"

Mwala unagwa pansi, anthu anafa nacho chiseko. Mlonda anang'amba pepala lija n'kumulola kupita. Gilson anapulumuka, koma mawu amene anamupulumutsawo anamuwawa kuposa mwala. Kuchokera pamenepo njira zonse ankazisunga m'mutu.

Lamulungu lina m'mawa, ali m'kanjira kafumbi kotsatana ndi msewu wa Leopards Hill, anamva phokoso lachilendo, ngati njuchi. Anali anyamata asanu ndi mmodzi a makabudula othina, pa njinga zowonda ngati udzudzu, akukwera chitunda patala. Gilson sanaganize zambiri. Anangoponda. Iwo patala, iye pafumbi, anafika pamwamba limodzi.

Pamwambapo panali bambo wa imvi, wotchi ili m'manja.

"Iwe, bwela kuno. Iyo njinga ilema monga ng'ombe, ndipo wakwela nayo monga bakupisha bapolisi. Ndiwe ndani?"

Anali a Abson, amene ankaphunzitsa gulu la njinga la fakitale ina yopanga misomali. Anamuuza kuti kumapeto kwa Okutobala kuli mpikisano. Atatu oyamba adzapita kukapikisana kumapiri a m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Tanzania, ndipo fakitale idzawalemba ntchito.

Gilson anafunsa funso limodzi lokha. "Nanga mamotoka?"

"Palibe. Bapolisi bazatseka mseu kuchokela ku Woodlands mpaka kumapili. Ni njinga chabe."

Anamubwereka njinga yakale yothamangira, ya zigwiriro zopindika. Masabata asanu ndi limodzi Gilson anakwera zitunda zija mpaka kusanza. Za lole ija sanawauze a Abson. Ankaona kuti msewu ukatsekedwa, palibe chifukwa chodziyalutsira.

Tsikulo linafika ndi kutentha kwa Okutobala, mitambo yakuda itayamba kuunjikana kum'mawa. A Petros anaima pomalizira ndi Febby, akuyang'ana kumwamba kuposa kumsewu.

Ananyamuka anthu makumi anayi. M'gulumo munkangomveka matcheni ndi mpweya wa anthu. Gilson anamva mtendere umene anali atauiwala. Anafika pokhotera, anatembenuka, ndipo pachitunda chachitali cha pobwerera anaimirira pamapedulo n'kuwasiya onse. Atafika pakati pa chitunda anali yekha.

Ndiye anaimva. Injini, kumsana kwake, ikuyandikira.

A Abson sananame ayi. Kungoti kwa anthu a mpikisano, galimoto ya oweruza saiwerenga ngati galimoto. Aliyense amadziwa kuti wina akalisiya gulu, galimotoyo imalidumpha n'kukakhala kumbuyo kwa wotsogolayo. Aliyense, kupatula munthu amene anaphunzirira kuthamanga kuseri kwa nyumba za anthu.

Manja anayamba kuzizira. Gilson anapatukira kumphepete kuti idutse. Sinadutse. Anachepetsa liwiro, nayo inachepetsa. Injini ili pomwepo, ikupumira m'khosi mwake. M'maso munayamba mdima uja. Tayala lakutsogolo linalowa m'miyala, ndipo anagwa chammbali, chigongono n'kusupuka.

Galimoto inaima. A Abson, amene ankaiyendetsa, anatulutsa mutu pawindo.

"Nyamuka! Wachita bwanji?"

"Pitilani, ba Abson!" anachonderera Gilson. "Napapata, pitilani chabe!"

"Nipite kuti? Lamulo siilola! Iyi motoka ikonkha uja ali pasogolo. Ukaima, naima. Ukayenda, nayenda. Ndiwe uiyendesa, mwana iwe!"

Gilson anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chichokereni m'chipatala, anayang'ana galimoto kumaso. Inali yakale, nyali imodzi yosweka, ikutuluka nthunzi kutsogolo. Chitunda chinaitopetsa kuposa iye. Ndipo inali itaimadi, ikudikira iyeyo.

Kumunsi kwa chitunda gulu linali litaonekera, likukwera ngati nyerere.

"Babwela," anatero a Abson, mawu atatsika. "Ukafuna nichoke kumbuyo kwako, nkhala pamene apo. Bakakupitilila, nizayenda nabo."

Imeneyo inali njira yapafupi: kukhala pansi mphindi imodzi yokha, injini n'kuchoka, msana n'kupuma. Kenako basi ya ku Katete.

Ananyamuka. Tcheni chinali chitagwa. Zala zinakana kawiri, kachitatu chinalowa. Anakwera, anaponda, ndipo injini inalira kumbuyo kwake.

Musaganize kuti mantha anathawa. Mtunda wonse wotsalawo anaupalasa mano ali gwa, magazi akutsikira padzanja, msana ukudikira kugundidwa. Potsetsereka sanakhudze mabuleki chifukwa zala sizinkamva. Ankangodziuza mawu amodzi: ili kumbuyo chifukwa ndili kutsogolo.

Kugwa kuja kunamudyera mphamvu. Nyumba zoyamba za ku Woodlands zitaonekera, anyamata awiri anamupeza n'kumudutsa ngati mphepo. Apa galimoto inayenera kuwatsatira. Inamudutsa pafupi moti akanatha kuigwira ndi dzanja. Njinga inagwedezeka, koma sanagwe.

Panatsala malo amodzi. Anamva wina akupumira kumanzere kwake, tayala likulowa pang'onopang'ono. Anamva mawu a Febby pakati pa khamu, akukuwa dzina lake ngati kuli maliro. Anaweramitsa mutu n'kuponda ndi mwendo womwe uja unathyoka pawiri.

Anadutsa mzere atamuposa ndi theka la tayala. Wachitatu.

A Petros anafika pamene Gilson anagona chagada paudzu. Anavula jekete lawo la kutchalitchi n'kumuikira kumutu ngati pilo.

"Mulamu," anatero, "ku nyanja kuja, bamavala chani?"

Kunyanjako anapitadi. Anakwera mapiri obiriwira, misewu yokhotakhota yotsekedwa bwino, madzi opanda malire akunyezimira kumunsi. Anamaliza wa nambala 19, ndipo sanachite nazo manyazi. Pafakitale ya misomali anagwirapo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ambiri amene anaphunzira kupalasa kumbali imeneyo ya Lusaka, amayi opita kumsika ndi abambo opita kuntchito, anadutsa m'tinjira take topanda galimoto osadziwa amene anatilumikiza.

Nditamufunsa, ali nkhalamba, ngati mantha aja anadzatha, anaseka n'kundionetsa zikhatho.

"Mpaka lelo, motoka ikalila kumbuyo, manja yamazizila. Koma njinga nimachova."

Ndiye inu amene mwakhala pansi kudikira kuti mantha athe kaye, mudzadikira mpaka imvi. Ngati msewu waukulu wakukanani, yambirani kanjira ka kuseri, ngakhale anthu aseke. Limbitsani miyendo kumeneko. Ndipo tsiku limene chinthu chimene mumachiopa chidzalire kumsana kwanu anthu onse akuona, musatsike. Gwirani zigwiriro ndi manja ozizira omwewo, pondani. Mtima wokhawo musautaye.