Chitenje cha Azakhali a Callista

Callista tinkamuseka tonse, ndisaname. Mtsikanayu anabwera ku Perth kudzaphunzira unamwino, azakhali ake a Annastazia atamuvutikira zedi, koma chaka chachiwiri chisanathe tinangomva kuti wasintha, akuphunzira zopanga mafilimu kusukulu ina ya ku Bentley, mumzinda momwemo. Mafilimu! Kutchalitchi tikamuona ndi kamera yake tinkakodolana n'kumati, "Wafika wojambula mphepo uja." Iye ankangomwetulira n'kupitiriza kujambula.

Azakhali akewo sankaseka nawo. Iwo akhala zaka zambiri akusambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, ntchito imene sanaiululepo kumudzi. Abale onse amadziwa kuti ndi anesi pachipatala chachikulu cha ku Nedlands. N'chifukwa chake ankafunitsitsa kuti mwana wa achimwene awo adzakhale nesi weniweni. Tsiku lina anamuuza ife tikumva: "Ukapitiriza zachibwanazi, usadzanditchulenso kuti azakhali." Callista analira, anasamuka pakhomopo, koma kamera sanaisiye. Mawu amenewo ankamudya mumtima, poti kuno analibe mbale wina.

Mkati mwa sabata ankagwira ganyu yolongedza katundu ku Malaga, dera lina la kuno ku Perth, Loweruka n'kumazungulira m'makomo mwathu ndi kamera kupempha kuti atijambule filimu ya ntchito zathu, poti ambirife timasamalira okalamba. Ine ndinamukana kawiri konse, kenako ndinangogonja. Mwana wamakani ngati ameneyu sindinamuonepo!

Filimuyo itasankhidwa kuti ionetsedwe pachikondwerero cha mafilimu mumzinda muno, amayi a Mvano tinapita tonse, ena kungofuna kukaona kuti achita manyazi bwanji. A Annastazia tinachita kuwakoka. Anakakhala kumbuyo kwenikweni atapinda manja.

Abale inu! Pachinsalu panaoneka manja a Mayi Bwalya, anzathu a ku Zambia, akupesa tsitsi la mayi wokalamba wachizungu amene ana ake anasiya kumuyendera, kwinaku akumuimbira chapansipansi nyimbo ya kwathu. Ntchito imene timachita nayo manyazi ija inaoneka yaulemu wake. Ndinalira osabisa, ndipo mzungu amene ndinayandikana naye ankapukutanso misozi.

Magetsi atayaka, anthu onse anaimirira n'kuomba m'manja, Callista akuitanidwa kutsogolo. Mwadzidzidzi kumbuyo kunamveka nthungululu yoti azungu anachita kudzidzimuka. A Annastazia! Anathamanga, kuvula chitenje chimene anafunda, n'kuchiyala pansi pomwe mtsikanayo amadutsa, monga timachitira kwathu polandira munthu wolemekezeka.

Callista anaima chilili. Anafuna kuwaitana, koma dzina lija loti azakhali anali atamuletsa kulitchula.

"Ponda, mwanawe, ponda!" anafuula a Annastazia. "Ndine azakhali ako ine, aliyense amve! Ndipo filimu yotsatirayo ujambule ine, kumudzi akaone ntchito imene ndimagwira."

"Azakhali," anatero Callista misozi ili chuchuchu, ndipo anaponda chitenjecho.