Mchira wa Gulu

Inu amene mwagwapo n'kumaopa kudzuka, imvani za mnyamata uyu.

Tsiku limene anabweza yunifolomu ndi nsapato, anzake anali pabwalo akuguba padzuwa loswa mtengo. Sajeni wawo, munthu wa mawu aukali, anamufunsa kuti, "Mchira, watsimikiza?" Iye anangovomera ndi mutu. Kunali kutatsala masiku ochepa kuti maphunziro a achinyamata ofuna usilikali athe.

Dzina la Mchira analipata chifukwa pothamanga m'mawa ankamalizira ndi iye. Bulangete lake silinkayalika bwino, mapazi anali matuza okhaokha, ndipo iye akalakwitsa, gulu lonse linkakwawa m'fumbi. Anzake anafika posiya kumulankhula.

Kunyumba anapeza bambo ake, akalipentala, akupala thabwa. Bambowo anali atauza aliyense wobwera kudzakonzetsa mpando kuti mwana wawo adzakhala msilikali. Anayang'ana kachikwama kake, n'kufunsa kuti, "Wadya?"

Sanamukalipire. Mwina zikanamupepukira akanatero.

Mchira anayamba kuwasenzera matabwa. Kenako anayamba kuthamanga yekha m'mamawa, agalu akumuuwa. Thupi linalimba, koma mantha sanachoke. Nyengo yotentha itafikanso, achinyamata ena akupita kukampu, iye anati, "Ndidzapita chaka chamawa, bambo."

"Chaka chamawacho ndani wakusungira, mwanawe?" anatero bambowo uku akutsokomola.

Chifuwa chimenecho n'chimene chinawatenga mvula itayamba.

Dzuwa litatenthanso, Mchira anakaima pachipata cha kampu. Sajeni uja anaseka. "Taonani, Mchira wamera! Ulendo uno ukhala?"

"Ndikhala, bwana."

Moyo wake unali womwe uja. Likhweru kusanache, madzi ozizira, kupukuta nsapato mpaka udziwonere nkhope. Masana kukwera zingwe, kumasula mfuti ndi kuimanganso, kudya mothamanga woyang'anira akukuwa kukhutu. Matuza anabweranso. Ankawakulunga ndi nsalu n'kuvala nsapato, mano ali chilumire.

Pa ulendo womaliza wodutsa m'mapiri, mnzake wina anakhala pansi, misozi ili mbwe, nati sangathe. Mchira anamulanda chikwama n'kuchisanjika pa chake.

"Dzuka, aise. Kunyumba ndinapitako ine, kulibe mpumulo."

Anafika limodzi. Sanali oyamba, koma sajeni anaitana Mchira kutsogolo kwa onse n'kumupatsa gulu loti alitsogolere pa perete wotsekera.

Tsikulo makolo anadzaza m'mbali mwa bwalo. Azibambo ena ankakwera pamipando kuti aone ana awo, akufuula kuti, "Wanga uyo!" Mchira anaguba mutu uli chilili, koma diso limangofunafuna. Anaona mayi ake atakhala okha kumapeto kwa benchi.

Perete atatha, mayiwo anamukonza kolala yomwe inali yokonzeka kale.

"Bambo ako akanakhalapo, bwenzi msewu wonse usakupuma," anatero akuseka, kenako anadziphimba kumaso.

Lero Mchira ndi ofisala, ndipo ndi iye amene amaimba likhweru pakampu pomwe paja. Amene amamuona atavala nyenyezi paphewa amati zinamuyendera. Zinamuyenderadi. Koma chimene chimamuwawa si kugwa kuja ayi, ndi chaka chimene anakhala pansi miyendo ili nayo kale mphamvu.

Inunso ngati munabwerera panjira, musadziweruze kuti mwatha. Limbani mtima, dzukani. Koma chonde dzukani msanga, amene akukudikirani akadali ndi maso okuonerani.