Makina a Nsapato Amene Ndinabwera Nawo ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene ntchito yanga yosoka nsapato zong'ambika pakhonde la sitolo pa Mangochi boma inasiya kutidyetsa. Mwana wathu Yusufu anali asanayambe sukulu. Mkazi wanga Abiti Jafali anangoti, "Pitani, koma musakakhalitse."

Ndinakhalitsa. Ku Durban ndinapeza ntchito m'fakitale ya nsapato. Tsiku loyamba ndinangoti kukamwa yasa. Zikopa zimalowa khomo ili m'mawa, pofika masana lole yadzaza nsapato khomo linalo. Guluu, ulusi, zidendene, zonse zimapangidwa m'tauni momwemo, ndipo magetsi akazima jenereta imalira pompo. Poweruka ndimabwerera m'kachipinda kothithikana ndi anyamata anzanga a ku Makanjira, aliyense maso pafoni yake. Yusufu anakulira pafonipo. Mawu ake anasintha ndili kutali.

Amayi ake atadwala ndinatumiza ndalama. Atamwalira anawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu chathu, ine ndili pamakina. Ndinalirira kuchimbudzi kwa fakitale kuopa kapitawo.

Ndipamene ndinati basi. Ndinagula makina akale osokera chikopa, ndikubwera nawo kwathu kwa Mponda. Ndinapeza mnyamata wamtali kundiposa, wondipatsa moni ngati mlendo. Ndinati, "Yusufu, mbuzi zimene timapha pa Idi zikopa zake zimangowola. Tizipanga nsapato zasukulu konkuno, ine ndi iwe."

Anaphunzira msanga, dzanja lake loongoka kuposa langa. Miyezi imeneyo ndi yokhayo imene ndinakhala bambo wake weniweni. Koma wofufuta zikopa bwino sindinamupeze. Guluu ngwakunja, ulusi ngwakunja, ndipo wasitolo ankati ndalama zakunja zoitanitsira zikusowa. Magetsi amatha kuzima m'mawa, ife n'kumangoyang'anana mpaka mapemphero a madzulo. Titatenga nsapato zathu kumsika, mayi wina anazitembenuza, nati, "Zokongola, achimwene, koma ndalama yomweyo za kaunjika apo ndigulira ana awiri." Amanena zoona.

Tsiku lina tikuchokera kumzikiti Yusufu anati, "Ababa, ntchito mwandiphunzitsa. Mundipatseko nambala ya kapitawo wanu uja."

Ndinakana sabata yonse. Kenako ndinamupatsa.

Ndinamuperekeza kokwerera basi. M'basimo munali modzaza anyamata a m'midzi mwathu, ena ana a anzanga omwe ndinkagona nawo chipinda chimodzi ku Durban. Dalaivala akumanga zikwama anaseka, nandiuza kuti, "Che Saidi, anzathu amatumiza kunja nsapato ndi magalimoto. Katundu wa Mangochi ndi ameneyu."

Sindinaseke. Ndinabwerera kunyumba wapansi, ndikuphimba makinawo ndi chitenje cha malemu amayi ake. Madzulo ake magetsi anayaka.